Kuluka bulangete la mwana koyamba, pakhomo pali galu

Anthu ambiri amene amati ndikufuna ndimulukire mwana bulangete amathera pa layini ya 10 kapena 15 basi, kenako ulusi uja umakagona mu jumbo pamwamba pa wadilopu mpaka mwana yemwe ankamulukirayo kuyamba sukulu. Vuto sikuti manja ndi olimba ayi, vuto ndi kuyamba ndi chinthu chachikulu. Waika masitichi 160 pa singano, layini imodzi ikukutengera mphindi 20, walakwitsa penapake koma sukudziwa kuti ndi pati, nde wadzuka kukaona ndiwo pamoto pobwera wapeza galu wanyamuka nawo mpira wa ulusi. Ine zinandichitikira ndendende choncho nthawi yomwe mng'ono wanga anali woyembekezera. Tayiga, galu wathu, anali ndi miyezi 7, msinkhu uja wotafuna chilichonse mpaka patapata wa bambo a m'nyumba, ndipo tsiku limenelo ndinapeza ulusi wachoka pa sofa, wadutsa pakhonde, wazungulira mtengo wa mapeyala kawiri, iye ali khale pamthunzi singano imodzi ili m'kamwa akundiyang'ana ngati wagwira ntchito yotamandika. Masitichi onse anali atavuka.

Nde njira yomwe ndikupatseni apa ndi ya tizidutswa. Mumaluka tizidutswa 30 ta 15cm mbali zonse, kenako nkulumikiza, 5 m'lifupi 6 m'litali, limatuluka bulangete la 75cm ku 90cm. Mukalakwitsa mwataya kachidutswa kamodzi, galu akaba waba kamodzi, sikuti ntchito ya mwezi wonse.

Zofunika kukhala nazo

- Ulusi wa acrylic wolembedwa DK kapena Double Knitting pa pepala lake, mipira 5 ya 100g. Mipira 4 imatha kukwana koma mothinana, wachisanuwo ndi wolumikizira ndi wa ngozi.
- Singano zolukira ziwiri za 4mm.
- Singano yosokera ulusi, ija ya bowo lalikulu yosasongoka kunsonga.
- Sizasi ndi tepi yoyezera ngati ya atelala.
- Ndowa yokhala ndi chivindikiro chothina. Imeneyi musaione ngati yongowonjezera, pakhomo pa galu ndi chida ngati singano zomwe.
- Kabuku ndi pensulo.

Za ulusi ndinenepo pang'ono. Gulani mipira yonse tsiku limodzi shopu imodzi, ndipo ngati pa pepala pali nambala yolembedwa lot kapena dye lot onetsetsani kuti mipira ya mtundu umodzi ili ndi nambala yofanana, chifukwa yelo wa lero ndi yelo wa mwezi wa mawa amasiyana pang'ono, mu shopu simuona koma padzuwa zimaonekeratu. Ukhudzitseni pakhosi panu kapena mkati mwa dzanja, ukakuyabwani inuyo ndiye mwana nanji. Ndati acrylic chifukwa mwana amasanza mkaka, amakodzera, bulangete lake limachapidwa pafupipafupi, pomwe ulusi weniweni wa ubweya wa nkhosa ukangolowa m'madzi otentha umafwanyata nkulimba ngati chikopa. Mtundu sankhani wowala kuti muziona masitichi bwinobwino, wakuda kapena wa bulu wozama magetsi akapita muli pa kandulo mulira nawo. Koma woyera mbee nawonso ine ayi, fumbi la mu Ogasiti ndi ubweya wa galu zimaonekera kutali. Ngati simukudziwa kuti akubwera ndi mnyamata kapena mtsikana, yelo wofatsa, girini wofatsa kapena khirimu zimayenda kulikonse. Ena amamasula juzi ya pa kaunjika nkutengapo ulusi, zimatheka ndithu, koma osati pa bulangete loyamba, ulusi womasula umakhala wopotanapotana ndipo majuzi ena anachita kudulidwa ku fakitale nde mumangopeza timaulusi tatifupitifupi.

Kuluka kachidutswa koyamba

1. Mangani mfundo yoyamba. Siyani mchira wa ulusi wotalika ngati 30cm, pangani mfundo ya khwekhwe, ija imathina ukakoka, ilowetseni pa singano imodzi. Singano imeneyi igwireni kumanzere, yopanda kanthu kumanja. Musathinitse, mfundoyo izitha kutsetsereka pa singano.

2. Ikani masitichi 33. Lowetsani nsonga ya singano yakumanja mu mfundo ija kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, singano zipingasane yakumanja ili pansi. Zungulitsani ulusi wochokera ku mpira pa nsonga yakumanjayo, kokani kuti utulukire kutsogolo ngati kakhwekhwe katsopano, kenako kakhwekhwe kameneko kavekeni pa singano yakumanzere. Masitichi akhala 2. Bwerezani mu sitichi yatsopanoyo mpaka akwane 33. Chenjezo apa, ambiri amazungulitsa mchira uja m'malo mwa ulusi wa ku mpira, amadzadzidzimuka ulusi watha pa sitichi ya 8. Mchirawo ukulungeni mumange kuti usakusokonezeni.

3. Lukani layini yoyamba. Mayendedwe ake ndi 4 ndipo azakhali anga amene anandiphunzitsa ankachita kundiimbira, lowetsa, zungulitsa, tulutsa, gwetsa. Lowetsa singano yakumanja mu sitichi yoyamba, zungulitsa ulusi, tulutsa sitichi yatsopano, gwetsa yakaleyo ichoke pa singano yakumanzere. Kusiyana kwake ndi poyamba paja nkwakuti pano sitichi yatsopano ikutsala kumanja. Ulusi wa ku mpira uzikhala kumbuyo kwa ntchito nthawi zonse. Masitichi onse akasamukira kumanja sinthanitsani singano, yodzaza ipite kumanzere, yambaniso. Basi luso lonse la bulangete limeneli ndi lomwelo, kulibe sitichi ina yoti muphunzire. Mukafuna kuona manja a munthu akuchita, pa YouTube sakani garter stitch, ndilo dzina la kalukidwe kameneka m'Chingerezi, kavidiyo kamodzi kakukwanirani osamaliza bandulo.

Layini yoyambayi imakhala yowawa kuposa onse, masitichi amathina, singano imakana kulowa, mumagwira ngati khasu mpaka mapewa kuwawa. Musasiye. Pofika layini ya 5 zimayamba kumasuka.

4. Werengani masitichi kumapeto kwa layini iliyonse, pa tizidutswa 3 toyamba osajomba. Akhale 33. Akakhala 34 kapena 35 pafupifupi nthawi zonse cholakwika chili pa sitichi yoyamba ya layini. Mukatembenuza singano ulusi uja ukakwera pamwamba pa singano umakoka sitichi yoyamba nkuoneka ngati ziwiri, inu nkuluka zonse. Musanayambe layini kokerani ulusi pansi kaye, muone kuti sitichi ndi imodzi, kenako upititseni kumbuyo modutsa pansi pa singano. Akakhala 32 ndiye kuti ina yagwa, ifunefuneni, imaoneka ngati kakhwekhwe kolendewera, ikoleni ndi pini isanatsike. Ngati ili layini imodzi kapena awiri pansi bwererani sitichi imodziimodzi mpaka muipeze, ngati yatsika kwambiri masulani kachidutswa konse, ndi masitichi 33 okha, si maliro.

5. Yezani. Mukaluka malayini 20 yalani ntchito pa tebulo osaikoka, yezani m'lifupi. Ikhale pafupi ndi 15cm. Manja amasiyana, wina zimatuluka 14 wina 17. Ngati kusiyana kuli kochepa pitirizani choncho, bulangete lingokula kapena kuchepa pang'ono, chachikulu nchakuti tizidutswa tonse tifanane. Ngati zafika ku 18 chepetsani masitichi akhale 28, lembani nambala yanuyo mu kabuku musadzaisinthenso.

6. Lukani mpaka kakhale sikweya. Muona kuti ntchitoyo ikupanga timitumbira ngati ta m'munda wa mbatata, malayini awiri amapanga kamtumbira kamodzi, ndipo ubwino wa sitichi imeneyi ndi wakuti mitumbira ikafanana nambala ndi masitichi chinthucho chimakhala pafupifupi sikweya. Nde masitichi 33, mitumbira 33 kuwerenga mbali imodzi, kutanthauza malayini 66. Kuti mutsimikize tengani kona yapansi muipinde ikafike ku singano mbali inayo, ikakwana ndendende ngati samusa mwafika. Nambala ya mitumbira yomwe yakuyenderani ilembeninso.

7. Tsekani. Lukani masitichi awiri, ndi nsonga yakumanzere nyamulani yoyamba ija muidumphitse pamwamba pa yachiwiri igwe. Kumanja kwatsala imodzi. Lukani ina, dumphitsaninso, choncho mpaka itsale imodzi yokha, dulani ulusi kusiya mchira wa 30cm, ulowetseni mu sitichi yomalizayo mukoke. Apa ndi pomwe ambiri amathinitsa, kachidutswa kamatuluka kotakata pansi kopanikizika pamwamba ngati siketi. Tsekani momasuka, olo kugwiritsa singano yokulirapo kumanja ngati muli nayo.

8. Bwerezani mpaka tikwane 30. Ine kamodzi kankanditengera madzulo amodzi poyamba, kenako ndinkatha tiwiri Lamlungu masana. Mpira umodzi wa 100g umatulutsa tizidutswa 7 kapena kuposerapo pang'ono. Ulusi ukamatha musalumikize pakati pa layini ndi mfundo, mfundo imadzamasuka pochapa komanso imamukanda mwana. Yambitsani mpira watsopano kumayambiriro kwa layini, siyani michira yonse iwiri ilendewere mudzaibisa pambuyo pake. Yambani kudakali miyezi 3, makamaka ngati mwana akuyembekezeka mu Juni kapena Julaye, kuzizira kwa ku Dedza, ku Mzuzu kapena chiperoni cha ku Blantyre sikudikira kuti mumalize. Ndipo ngati kwanu ndi kuja akuluakulu safuna kuti zinthu za mwana zizionekera asanabadwe, tizidutswa timakuthandizaninso, munthu akafunsa mungoti ndikuphunzira kuluka, ndani angadziwe kuti ndi bulangete. Ine apongozi a mng'ono wanga anadzaliona koyamba tsiku lotuluka m'chikuta.

Galu ndi ulusi

Lamulo langa ndi limodzi, ukadzuka ntchito ilowe mu ndowa, chivindikiro pha. Olo ukungopita kukatsegula geti, olo foni yaitana kuchipinda. Mpira wa ulusi uzikhala mu ndowa momwemo pomwe mukuluka, ulusi wokha ndi womwe uzituluka, chifukwa mpira ukagwa nkugubuduzika pansi kwa galu ndiye kuti mwamuitana kumasewera, simungamuimbe mlandu. Ndipo musanadzuke malizani layini, kankhirani masitichi kumapeto kwa singano.

Nkhani siyongoononga ntchito ayi. Galu akameza ulusi wautali umatha kukodwa m'matumbo nkuwakwinya mpaka kuwacheka, galu amafa nazo. Mukaona ulusi ukulendewera kukamwa koma mbali ina yamezedwa, kapena ukutuluka kumbuyo, musakoke, ndabwereza musakoke. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto, chimodzimodzi ngati ulusi wasowa ndipo galu wayamba kusanza, kukana chakudya, kungogona. Timichira tomwe mumadula musataye pansi, tiikeni mu kabotolo. Singano yosokera ija izikhala yobaya pa kansalu mkati mwa ndowa.

Ubweya nawo, acrylic amaukoka ngati maginito. Mukamusisita galu sambani m'manja musanagwire ulusi, ndipo yalani chitenje choyera pamiyendo polukapo chifukwa siketi yanu yomweyo imakhala ndi ubweya simukudziwa. Tayiga amakonda kutsamiritsa chibwano pa bondo langa ndikakhala pakhonde, maso ali pa singano kutsatira uku ndi uku, ndinachita kumupezera saka yake pataliko pang'ono nkumupatsa chotafuna chake nthawi yoluka, patatha sabata ziwiri anazolowera, akangoona ndowa yatuluka amapita yekha pa saka. Kumumenya sikuthandiza, amangophunzira kuba inu kulibe. Ngati galu wanu amalowa m'nyumba musalukire pampando womwe amagonapo, utitiri ndi nkhupakupa zimabisala momwemo. Mankhwala a utitiri ndi a galu ndi pogona pake, musayerekeze kuwaza pa ulusi kapena pa bulangete la mwana.

Kulumikiza

9. Yalani tizidutswa tonse pa bedi, chitseko chotseka. Sinthanitsani, kena mitumbira yopingasa kena yoimirira, zimaoneka ngati dengu lolukidwa bwino komanso zimathandiza kuti bulangete lisakokekere mbali imodzi. Ngati muli ndi mitundu iwiri ikani ngati bolodi ya drafuti. Mukakhutira jambulani pa foni, mawa mudzaiwala.

10. Sokani mizere kaye, tizidutswa 5 mzere umodzi, mizere 6, kenako lumikizani mizereyo. Gwiritsani michira italiitali ija munasiya. Gundanitsani tizidutswa tiwiri m'mphepete osasanjikiza, tolani kasitichi kamodzi uku kamodzi uko, mukokere pang'ono pakatha masitichi 4 kapena 5. Msoko ukhale wotha kutamuka ngati nsalu yonse, mukathinitsa bulangete limakwinyika ngati chigamba chosoka mothamanga. Polumikiza mizere yambani mwagwirizanitsa makona ndi mapini, apo ayi mufika kumapeto mzere wina watsala ndi 3cm wopanda mnzake. Mapiniwo awerengeni poika ndi pochotsa, ndi bulangete la khanda ili.

11. Bisani michira. Uliwonse uyendetseni ndi singano mkati mwa mitumbira kumbuyo kwa bulangete ngati 5cm, bwererani nawo pang'ono njira ina, kenako dulani. Ntchito yotopetsa iyi, michira imakhala yoposa 60, koma mukangodula pafupi ndi mfundo osaibisa bulangete lidzayamba kumasuka pa kuchapa kwachitatu, komanso kaulusi kolendewera kamatha kukulunga chala cha mwana nkuchitupitsa. Pa chifukwa chomwechi musaike mabatani, mikanda kapena timipira tolendewera m'makona, zokongola pa chithunzi koma zimathera m'kamwa.

Kuchapa ndi kuyanika

12. Musanapereke lichapeni, lakhala m'manja miyezi iwiri ndipo ubweya wa galu sulephera. Yambani mwachotsa ubweya ndi selotepi yokulunga pa zala kapena dzanja lonyowa pang'ono. Madzi akhale ofunda pang'ono kapena ozizira, sopo wofatsa wopanda fungo lamphamvu, finyani mofatsa osapotokola, tsukuluzani mpaka thovu lithe. Likulungeni mu thawulo mupondepo kuti madzi achoke.

13. Yanikani moyala pa thawulo louma, pa tebulo kapena pa bedi m'chipinda cholowa mphepo. Mukalikoleka pa chingwe lili lonyowa limakokeka nkutalika ngati mpango. Ndipo pa kapinga kapena pansi ayi ndithu, makamaka pakhomo pa galu. Ntchentche ija ya mphutsi zolowa pakhungu imaikira mazira pa dothi la mkodzo ndi pa zovala zonyowa, agalu ndi amene imawagwira kwambiri nde pomwe pali galu imakhalapo. Matewera ndi malaya timasita kuti mazirawo afe, koma acrylic sasitidwa, simbi yotentha imamusungunula amakhala gwaa wonyezimira ndipo sabwereranso. Nde poti simungasite, yanikani m'nyumba.

Bulangete likafika kwa mwini wake

Pomufunditsa mwana lifike pachifuwa pansi pa mapewa, m'mbali mulipisire pansi pa matiresi, kumaso lisafike, mwana agone chagada mu neti. Masana kukatentha lichotseni, acrylic amasunga kutentha, gwirani kumbuyo kwa khosi la mwana mukamva thukuta mwamufunditsa kwambiri.

Kumbali ya galu, mwana asanabwere onetsetsani kuti wabaya katemera wa chiwewe, amayamba ali ndi miyezi 3 ndipo kuno timabwereza chaka ndi chaka. Ku Blantyre a Mission Rabies akhala akubaya agalu ulere kuyambira 2015, ku Lilongwe kuli a LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira ziweto, kwina funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu. Mwana akabwera mununkhitseni galu kansalu komwe mwana anavala, osati bulangete lija, aone kuti fungo ili ndi la pakhomo pano. Koma olo galu akhale wofatsa bwanji, Tayiga amaopa ndi nkhuku yomwe, musamusiye ndi khanda awiriwiri ngakhale mphindi imodzi, ndipo mwana wogonekedwa pa mkeka pakhonde ndiye kuti galu ali pa tcheni kapena kuseri. Akaluma kapena kukanda munthu tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo.

Zomwe ambiri amalakwitsa

Kuthinitsa ndiye mfumu ya zonse. Ngati singano ikulira kwiii polowa kapena chala chakumanja chayamba kuboola ndiye kuti mukulukira kunsonga kwenikweni kwa singano komwe ndi kowonda. Sitichi iliyonse ikankhireni ifike pathupi pa singano musanapite ku ina.

Kuima pakati pa layini. Mukabwerera simudziwa kuti mumalowera kuti, mumabwerera m'mbuyo, pamatsala bowo ndi mbali imodzi yotalika. Zikakukakamizani kuima, pobwera singano yomwe ili ndi ulusi wa ku mpira ndi yomwe ipite kudzanja lamanja.

Kuboola ulusi pakati. Ulusi wa DK ndi timaulusi tingapo topotedwa pamodzi, nsonga ikalowa pakati pake m'malo molowa mu sitichi pamatuluka kaubweya konyansa ndipo nthawi zina nambala imakwera. Zimachitika kwambiri kukada, nde magetsi akapita ingotsekani ndowa mukagone.

Kusakaniza ulusi wosiyana kunenepa chifukwa mwaupeza wotchipa kapena wina wakupatsani wotsala. Tizidutswa timasiyana saizi, polumikiza mpamene mumadzalira.

Kusunga kachidutswa koyamba chifukwa cha chisoni. Toyamba tiwiri timakhala tokhota ndipo nthawi zambiri tothina kuposa tinzake, manja anali asanakhazikike. Mukafika 10 bwererani mutiyerekeze, tikasiyana lukani tina m'malo mwake, mpira wachisanu uja ntchito yake ndi imeneyi. Kanga koyamba kanatuluka ndi masitichi 41 ndi mabowo 3, pano ndimaikapo tiyipoti pa tebulo, ndipo Tayiga ndisamupatse olo andiyang'ane momvetsa chisoni bwanji chifukwa akangolawa kamodzi aziona ngati chilichonse cholukidwa ndi chake, kuphatikiza lomwe lili pa mwana.